Nthano ya ana yochokera ku China: dragon ndimutche chinjoka?

NaBanda_Santhe

Moni nonse a m'bwalo lino. Ndikukonza kabuku ka ana a Sitandade 4 mpaka 6, koti tiziwerenga pa kalabu yowerenga Loweruka kuno kwa Santhe. Anawa mafilimu a kung fu amawadziwa kale kuchokera m'mavidiyo a pamsika, koma nthano zenizeni za ku China sanazimvepo. Ndikufuna nkhani yatsopano yopeka, ya mtsikana amene akupita kukapempha mvula kwa dragon, osati kungomasulira nthano yakale. Dragon ameneyu ndimutche chiyani m'Chichewa, chinjoka? Nanga maina ngati Xiao ndi Zhu ana awatchula bwanji? Ndipo kodi ndingathe kusamutsa nkhaniyo kuti ichitikire kuno ku Kasungu? Odziwa, ndithandizeni.

Mwale_Mtunthama

ANabanda, mawu oti chinjoka asiyeni. Tsegulani Chivumbulutso mutu 12 muone: chinjoka chachikulu chofiira, cha mitu isanu ndi iwiri ndi nyanga khumi, ndipo vesi 9 ikunena poyera kuti ameneyo ndi Satana. Mwana akapita nako kabukuko kunyumba, amayi ake nkuona mtsikana akugwadira chinjoka, mwinanso chojambulidwa chofiira poti ku China kufiira ndi chimwemwe, kabukuko kakathera pamoto ndipo Loweruka linalo mwanayo simudzamuona. Makolowo sadzakhala atalakwa, mawuwo ndi amene adzawasocheretse.

Chimene eni ake amachitcha long si chija cha m'mafilimu a Azungu cha mapiko, cholavula moto ndi kusunga golide kuphanga. Long ndi wa madzi. Amakhala m'mitsinje, m'zitsime, m'nyanja ndi m'mitambo, ndipo ntchito yake ndi mvula. Uzani wojambula wanu izi: thupi lalitali ngati la njoka, mamba ngati a nsomba, nyanga za nthambinthambi, ndevu zazitali zopyapyala, miyendo inayi ya zikhadabo ngati za chiwombankhanga. Nthawi zambiri alibe mapiko, komabe amauluka, ndipo pazithunzi amakhala akulondola ngale yowala. Zala muwerenge. Long wa zala zisanu chinali chizindikiro cha mfumu ya dziko lonse m'nthawi ya maufumu a Ming ndi Qing, ndiye wa padziwe la kumudzi mpatseni zinayi kapena zitatu.

Dzina lisiyeni momwemo, long, koma pamene akuonekera koyamba mulimange ndi mawu athu: "Long, mwini mvula." Ng yakumapetoyo ndi ija ya mu ng'ombe. Ana adzati longo, palibe chovuta.

Tsono chimene chingakupatseni nkhani yeniyeni ndi ichi. Long sagwetsa mvula mwa kufuna kwake. Nyanja zinayi zili ndi mafumu ake anayi, ya kummawa ndi Ao Guang, koma onsewo ali pansi pa mfumu ya kumwamba, Yu Huang. Kumwamba kwa m'nthano za ku China kuli ngati ku boma: kuli alembi, makalata, zidindo, wina ali ndi bwana wake, bwanayo alinso ndi wake. Mvula imabwera ndi kalata yonena ola lake ndi muyeso wake. M'buku lakale la ku China lotchedwa Xiyouji muli long wa mtsinje wa Jing amene anasintha ola ndi muyeso wa mvula pofuna kupambana pa kubetcherana ndi woombeza maula, ndipo anamudula mutu chifukwa cha zimenezo. Ndiye mtsikana wanu akafika, long asakhale wouma mtima kapena woipa. Akhale womvera chisoni koma womangika manja, kalata sinabwere. N'chifukwa chiyani sinabwere? Inasochera pati? Ndani anailepheretsa? Apo mwapeza mitu isanu ya kabuku kanu, ndipo mwaipeza mkati mwa chikhalidwe cha eni nthano, osati mwaiika kuchokera kunja.

Ena adzakuuzani kuti mungomutcha Napolo. Ayi. Napolo timamudziwa ndi kugumula phiri ndi kukokolola midzi, monga zinachitikira ku Phalombe mu 1991, ndipo palibe amapita kukampempha kanthu. Amene akuyandikirako ndi Thunga, njoka ya ku kachisi wa Makewana ku Msinja, chifukwa nayonso imakhudzana ndi mvula. Koma za ku Msinja zili ndi eni ake amene amazilemekeza mpaka lero. Zisungeni kuti mukambirane ndi ana mutatha kuwerenga, musazisakanize m'nkhani.

Chimodzimodzinso mawu oti ufiti ndi kutamba asalowe. Nenani matsenga kapena mphamvu zodabwitsa. Mtsikanayo akamauluka akwere mtambo, ndimo amaulukira a m'nthano zakumeneko, kapena akwere pamsana pa long. Mukamukweza m'lichero mwalemba nkhani ina, ndipo aliyense wa kuno adziwa kuti ndi yotani.

NaPhiri_Chamama

Zimene anena aMwale ndagwirizana nazo. Pa funso losamutsa nkhani, ine ndikuti isasamuke. Mtsikanayo akhale wa ku China, m'mudzi wa ku China. Vuto limene limagwera alembi athu ambiri ndi lakuti amasintha zovala ndi maina okha, koma banja limene alemba limakhala la Chichewa.

Taonani. Kwathu kuno mwana akafuna kupita ulendo woopsa, mawu omaliza ndi a atsibweni ake, eni mbumba. M'mabanja a Han, omwe ndi mtundu waukulu kwambiri mwa mitundu 56 ya ku China, mwana ndi wa kuchimuna. Dzina la banja limachokera kwa bambo, mkazi akakwatiwa amapita kwa mwamuna ngati chitengwa, ndipo chikamwini chinali chosowa komanso chonyozeka. Wopereka chilolezo akhale bambo kapena agogo obereka bambo. Agogowo ali ndi maina osiyana: obereka bambo ndi yeye ndi nainai, obereka mayi ndi waigong ndi waipo, ndipo wai ameneyo amatanthauza "wakunja". Tangoganizani, agogo akuchikazi amene kwa ife ndiwo tsinde, kumeneko ndi akunja! Ana a ku Kasungu akamva zimenezi amadzidzimuka, ndipo kudzidzimukako ndi phindu la kabukuko, musakubise. Chofanana nafe ndi ulemu wa wamkulu: mwana saitana mkulu wake ndi dzina, amati gege kwa achimwene, jiejie kwa achemwali. Mukhoza kulemba achimwene ndi achemwali basi, nkusunga liwu limodzi lokha la Chitchaina, tinene nainai, loti ana alilowere.

Maina: la banja limayamba, lake la munthu limatsatira. Mwa Li Mei, Li ndi la banja, Mei ndiye iyeyo. Amayi ake sangamuitane kuti Li. Xiao amene mwafunsayo amatanthauza "wamng'ono", ndipo nthawi zambiri amaikidwa patsogolo pa dzina mwachikondi, monga ife timachitira ndi ka. Katchulidwe kake: x amamveka pafupi ndi sh wofewa, q pafupi ndi tch, zh pafupi ndi j, c pafupi ndi ts. Ndiye Xiao ndi "shyao", Zhu ndi "ju". Kalembedwe musasinthe, koma ikani tsamba limodzi kumapeto la katchulidwe. Kwa anthu amene mwawapeka nokha sankhani maina osapunthwitsa lilime: Mei, Lan, Bao, Tao, Ming. Awiri asayambe ndi chilembo chimodzi, mwana wa Sitandade 4 amazindikira dzina lachilendo ndi chilembo choyamba, ndipo Mei ndi Ming akakhala m'nkhani imodzi amawasandutsa munthu mmodzi.

Kenako sankhani dera ndi nthawi, chifukwa China ndi wamkulu. Kumwera ndi kwa mpunga, nsungwi ndi njati zolimira. Kumpoto, cha ku mtsinje wa Huang He, ndi kwa tirigu ndi mbewu za mtundu wa mawere, dothi lachikasu, fumbi, ndipo nkhani ya chilala ikukhala bwino kumeneko. Mukaika nkhani m'nthawi ya ufumu wa Tang, kuyambira 618 mpaka 907, m'munda musabzalemo chimanga, fodya, mtedza, mbatata kapena tsabola. Zonsezi zinachokera ku America ndipo zinafika ku China chitadutsa chaka cha 1500. Dzanja la mlembi wa ku Kasungu limalemba "chimanga chinafota" lokha, osafunsa mutu, ndiye poti mwamaliza fufuzani liwu limeneli tsamba ndi tsamba. Tsitsi lija la amuna loluka chingwe chimodzi kumbuyo, kutsogolo atameta, ndi la nthawi ya Qing, 1644 mpaka 1912, si la nthawi zonse.

Nyengo nazo zimapusitsa. Chaka chatsopano chawo chimagwa pakati pa 21 Januwale ndi 20 Febuluwale, ife tili pakati pa mvula, fodya akuyamba kuthyoledwa, pamene kumpoto kwa China mitsinje yaundana. Musalembe dzinja pamenepo, dzinja kwa mwana wathu ndi mvula ndi matope. Lembani nyengo ya chisanu. Chikondwerero cha mwezi chimakhala pa tsiku la 15 la mwezi wachisanu ndi chitatu pa kalendala yawo, mu Seputembala kapena kumayambiriro kwa Okutobala. Kwa iwo ndi masika, kwa ife ndi chilimwe.

Zing'onozing'ono zina: zoyera ndi za maliro, mkwatibwi amavala zofiira. Timitengo todyera sitizikidwa chilili mumpunga, zimenezo zimafanana ndi lubani wa akufa. Kimono, ninja ndi samurai ndi za ku Japan, zisalowe ngakhale ana azikonde. Ndipo wojambula asajambule maso ngati timizere tiwiri topendekera ndi khungu lachikasu. Anthu a ku China zimenezi amazimva ngati chipongwe, monga ife timamvera tikaona munthu wakuda atajambulidwa ndi milomo yonga mbale.

Mlatho wabwino pakati pa kuno ndi uko ulipo, ndipo uli mumtsinje wa Bua. Ku Huang He kuli malo otchedwa Longmen, chipata cha long. Nthano imati nsomba ya carp imene yakwera mtsinje nkudumpha mathithi a pamenepo imasanduka long. Mpasa wathu amakweranso Bua kuchokera kunyanja kukaswana, ndipo mpasa ndi carp ndi nsomba zapachibale. Long wanu akhoza kukhala amene kale anali kansomba, ndipo akukumbukira mmene kukwera mtsinje kumawawira.

NaBanda_Santhe

Zikomo kwambiri aMwale ndi aNaphiri, za kalata ya mvula ndi za chimanga sindikanaziganiza. Koma ndiye mwana wa kuno asaonekemo nkomwe? Komanso ana akufuna muikidwe mfumu ya anyani ija ya ndodo imene amaiona m'mafilimu. Ndingaigwiritse ntchito popanda mlandu? Ndipo kabukuko katalike bwanji, poti tidzasindikiza pa fotokope?

Mkonzi_Chinkhoma

Mayi, pa mwana wa kuno ine ndisiyana pang'ono ndi aNaphiri. Nkhani yaikulu ikhale ku China, inde, koma pakamwa pofotokoza pakhoza kukhala pathu. Yambani ndi "Padangokhala", ana ayankhe "Tili tonse", ndipo muikemo kanyimbo kovomereza kamene kazibwera mutu uliwonse mtsikanayo akamagogoda pakhomo latsopano. Zimenezo si kuba chikhalidwe cha wina, ndi mmene ife timakambira nthano. Chimene chimalephereka ndi chija choti mwana wa kwa Santhe wagwera m'dzenje nkutulukira ku China kukapulumutsa mudzi umene eni ake alephera. Eni mudziwo amasanduka zidole, ndipo mafunso a chilankhulo ndi ulendo amadya masamba anu theka.

Mfumu imeneyo ndi Sun Wukong, wa m'buku la Xiyouji, kutanthauza ulendo wa kumadzulo. Linasindikizidwa mu 1592, lili ndi mitu 100, ndipo ambiri amati analemba ndi Wu Cheng'en. Tsinde la bukuli ndi munthu weniweni, mmonke Xuanzang, amene anapita ku India kukatenga mabuku a Chibuda nkubwerera mu 645. Sun Wukong anabadwa kuchokera m'mwala, amatha kusandulika mitundu 72, ndipo akadzigudubuza kamodzi mumlengalenga amapita mtunda wa li 108,000. Li imodzi ndi pafupifupi theka la kilomita, ndiye ndi makilomita ngati 54,000, kuposa kuzungulira dziko lonse. Ndodo yake imalemera jin 13,500. Pa jin ya masiku ano ya theka la kilo, amenewo ndi matumba 135 a chimanga a 50 kg, komabe amaichepetsa ngati singano nkuibisa kukhutu. Anaitenga kwa Ao Guang yemwe uja watchulidwa pamwambapa, motero iye ndi a long ali ndi kambiri kawo kale.

Chenjezo langa ndi loti ameneyu amameza nkhani. Wamphamvu chotere akalowa, mtsikana wanu alibenso chochita, mvula ibwera pa tsamba lachitatu. Ngakhale buku lenilenilo linachita kumumanga: Buddha anamutsekera pansi pa phiri zaka 500, ndipo atamasulidwa anavekedwa mkombero kumutu umene umafinya mbuye wake Xuanzang akanena mawu ake. Njira yabwino ndi iyi: mtsikanayo amupeze adakali pansi pa phiri, mutu wokha uli kunja. Sangamenye nkhondo, sangauluke. Angathe kulankhula, kudzitama, kupempha pichesi, ndi kulongosola njira ya kwa Ao Guang chifukwa anafikako. Mutu umodzi, basi. Ana amuona, nkhani ikadali ya mtsikana. Kungoti nthawi yanu ikhale Xuanzang asanadutse kudzamumasula, kumayambiriro kwenikweni kwa Tang kapena m'mbuyo mwake.

Musadzaze mphika. Pa kabuku ka msinkhu uwu tengani chamoyo chachikulu chimodzi, mlendo mmodzi ngati Sun Wukong, chida chamatsenga chimodzi, mwambo umodzi. Chidacho chikhale ndi lamulo lomveka lonenedwa msanga, monga chikho chimene chimatunga madzi katatu kokha, ndipo lamulolo musaliphwanye pofuna kudzipulumutsa kumapeto. Ana amawerengera, adzakuuzani kuti kachinayi kachokera kuti.

Za mlandu: nthano zakale ndi buku la 1592 zilibe mwini wokulipiritsani. Koma zomasulira zili ndi eni. Mwachitsanzo Anthony Yu anamasulira buku lonse m'Chingerezi m'mavoliyumu anayi pakati pa 1977 ndi 1983, ndipo kutenga ziganizo zake nkuzitembenuzira m'Chichewa ndi kukopera ndithu. Nkhope ndi zovala za m'mafilimu ndi m'makatuni nazonso ndi za eni. Werengani, tsekani buku, lembani ndi mawu anu, wojambula ajambule zake. Mukafuna kudzagulitsa, za umwini funsani ku COSOMA, nambala yozindikiritsa buku ya ISBN ku National Archives ku Zomba.

Utali: mitu 8, uliwonse mawu 500 mpaka 600, onse pamodzi ngati 4,400. Mutu wotere umawerengeka mokweza m'mphindi zisanu ndi ziwiri kapena kucheperako, nthawi yotsala nkukhala ya nyimbo ndi mafunso. Pa tsamba la A5, zilembo za saizi 14, mumalowa mawu a Chichewa ngati 130, poti mawu athu ndi aatali. Ndiye masamba 34 a mawu, 8 a zithunzi, 6 a mutu wa buku, mapu, katchulidwe ndi mafunso, zakwana 48. Nambalayo iyenera kugawika ndi 4, chifukwa pepala limodzi la A4 lopindidwa pakati limabala masamba anayi. Masamba 48 ndi mapepala 12, nkuwonjezerapo chikuto cha pepala lolimba. Mukapitirira mapepala 15 kabukuko sikatsekeka bwino, ndipo masamba apakati amatuluka kunja ngati lilime. Pa kompyuta sankhani booklet posindikiza, yesani kabuku kamodzi kaye, pindani, werengani manambala a masamba musanalamule 50. Sitepulala wamba safika pakati, pamafunika wa mkono wautali, kapena sokani ndi ulusi mabowo atatu. Zithunzi zamkati zikhale za mizere yakuda yokha. Chofiira pa fotokope chimatuluka chotuwa chakuda, long wanu asanduka banga, ndiye mtunduwo usungireni chikuto.

Kumapeto kwa mutu uliwonse dulani pamene mtima uli m'mwamba. Mitu ya Xiyouji imatha ndi mawu ouza womvera kuti akafuna kudziwa chinachitika amve mutu wotsatira, kachitidwe ka okamba nthano pagulu. Pa kalabu ya Loweruka palibe chinanso chokoka ana kuposa chimenecho. Musanasindikize, werengerani ana asanu kapena asanu ndi mmodzi, mawa lake afotokoze okha. Dzina limene onse aliiwala lisintheni, ndime imene onse ailumpha ichotseni.

Mwale_Mtunthama

Kuwonjezera pa zimene anena akonzi, liwu loti nyani ndilikane. Nyani wathu ndi wa mphuno ngati galu, wakuba chimanga m'minda ya m'mphepete mwa nkhalango, ndipo ndi liwu lotukwanira. Sun Wukong ndi wochepa thupi, wopepuka, ali pafupi ndi pusi. Lembani Mfumu ya Apusi. Mchira musauiwale, chifukwa m'bukumo ndi umene umamuulula: atasanduka kachisi anasowa kobisa mchira, nkuuimika kumbuyo ngati mtengo wa mbendera, ndipo womulondola anadziwa pompo kuti kachisi sakhala ndi mbendera kuseri.

Nyama zina zimafunanso kusamala komweko. Tiger ndi kambuku wa mizeremizere, osati wa mawangamawanga, nenani choncho kamodzi ndipo chithunzi chithandize. Huli jing, amene amasanduka munthu ndipo nthawi zina ali ndi michira isanu ndi inayi, mungamutche nkhandwe, koma nkhani zake zambiri ndi za akuluakulu, za kukopa amuna, sizoyenera Sitandade 4.

Kalulu ndiye msampha waukulu. Mwana wathu akangomva kalulu akuyembekeza kuti wina apusitsidwa, fisi kapena njovu. Yutu, kalulu wa kumwezi, si wotero. Ndi wofatsa, amakhala ndi Chang'e, mkazi wa Hou Yi amene analasa madzuwa asanu ndi anayi mwa khumi, ndipo ntchito yake ndi kusinja mankhwala a moyo wosatha mumtondo. Ngati mtsikana wanu adutsira kumwezi polondola kalata ija, musonyezeni kaluluyo ali pa ntchito, munsi uli m'manja, asananene liwu lililonse, kuti ana adziwe kuti uyu si Kalulu wathu. Pa tsamba la mafunso mukhoza kuikapo kuti kagalimoto kamene China inatsitsa pamwezi mu 2013 anakatcha Yutu, ndipo chombo chimene chinakanyamula chinali Chang'e 3.

Wojambula asakopere mwezi wa m'mabuku a ku China kenako inu nkuuza ana kuti akauone kumwamba chimodzimodzi. Ife tili kummwera kwa dziko, mawanga a pamwezi timawaona atatembenuka poyerekeza ndi mmene amaonekera ku Beijing. Atuluke yekha usiku wa mwezi wathunthu, ajambule mmene akuuonera kwa Santhe, makutu a kaluluyo awaike kumene akulozadi.